Mutu 9: Wobwerera ku Khasu

Pa miyezi ya chilimwe, pamene misewu ya fumbi yauma gwaa ndipo timilatho ta mitengo tikutha kupirira katundu wolemera, si chachilendo kuona lole ikukhotera m'mudzi itasenza mipando ya khushoni, kabati ya magalasi, firiji ndi malata omanga ndi zingwe, pamwamba pa zonsezo patakhala ana ovala nsapato amene akuyang'anitsitsa mbuzi ngati aona chilombo cha m'thengo. Mwini katunduyo ndi munthu amene watha zaka makumi awiri kapena atatu ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni kumene, ndipo tsopano, kaya wapuma pa ntchito, kaya kampani yatsekedwa, kaya lendi ndi mtengo wa makala zamufika pakhosi, wakumbukira kuti kwawo kuli nthaka imene inalandira mchombo wake. Ine wolemba mutu uno ndinakwerapo lole yotere, ndipo zambiri zimene ndinene pano sindinazitole m'buku ayi, ndinazigula ndi manyazi. Pakuti safunsa anadya phula, ndipo phulalo ine ndinalidya ndithu.

Munthu wa m'tauni akamanena kuti akupita kukadzidalira, m'mtima mwake amaona nyumba ya njerwa zootcha yozingidwa ndi mpanda, chitseko cha loko, thanki ya madzi, sola padenga ndi ndalama za penshoni m'foni, ndipo amayesa kuti akakhala nazo izi sadzagogodanso pakhomo pa munthu kufikira tsiku la imfa yake. Zinthu zimenezi si zoipa, ndipo wotha kuzipeza azipeze. Komatu kudzidalira kwa kumudzi ndiko kuleka kudalira sitolo, mpopi wa boma ndi malipiro a pamwezi. Sikuleka kudalira anthu. Wosokoneza ziwirizi adzamanga linga lokongola, nadzazindikira kuipa kwake usiku umene mwana adzatenthe thupi mtsinje utasefukira.

Chifukwa chake ntchito yoyamba si ya khasu kapena ya mmisiri wa njerwa, koma ya miyendo ndi pakamwa. Asanatsitse ngakhale mpando umodzi, wobwerayo aonekere kwa mwinimbumba, amene pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amakhala malume kapena mlongo wamkulu wa kubanja la amayi, ndipo ameneyo ndiye amperekeze kwa nyakwawa, pakuti munthu sadzilengeza yekha pabwalo. Akumbukire kuti kumene kuli chikamwini munda umatsata mbumba ya akazi, kotero kuti mwamuna wobwera ndi mkazi kwawo kwa iye mwini akuchita chitengwa, chimene chimafuna chilolezo cha akuchikazi, ndipo wopita kukakhala kwa mkazi adziwe kuti nyumba ya malata imene akumangayo yaima pa nthaka ya eni. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo otere m'kaundula. Koma pepala likhalepo kapena lisakhalepo, malire a munda aonetsedwe dzuwa likuswa mtengo, amfumu alipo, eni minda yoyandikana alipo, ndipo nkhadze ibzalidwe pamalirepo tsiku lomwelo. Milandu yambiri imene imatha zaka pabwalo inayamba ndi mawu aulemu akuti tidzaonetsana bwino mawa.

Posankha pomanga nyumba, diso la m'tauni limanamiza mwini wake. Limakonda chidikha chobiriwira pafupi ndi kamtsinje, kapena m'tsinde mwa phiri pamene munthu atha kukhala pakhonde nkumaona dziko lonse. Ndipo popeza lole imafika mu Ogasiti kapena Seputembala, khwawa limaoneka ngati kanjira ka mchenga kosewerera ana. Koma madzi saiwala khwawa. Mufunse agogo a m'mudzimo, makamaka amayi amene atunga madzi pamenepo moyo wawo wonse, kuti madzi anafika pati chaka cha mvula yoopsa, ndipo mukaona miyala ikuluikulu yosalala itamwazikana m'munda wa m'munsi mwa phiri, dziwani kuti sinamere pamenepo, inatsika. Makolo ankati Napolo wadutsa. Anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946; anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu Malichi 1991 nakokolola midzi ndi anthu mazanamazana; ndipo mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba za ku Chilobwe mu mzinda weniweni wa Blantyre, monganso zinachitira ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. A ku Nsanje ndi Chikwawa sanaiwale Januwale wa 2015. Tsono nyumba ikhale pamtunda, maziko ake akwezedwe, ngalande izungulire kuseri, ndipo denga limangiriridwe kukhoma ndi waya, chifukwa mphepo ya mvula zoyamba imasasula malata ngati munthu akuvula chipewa. Banja ligwirizane dzinja lisanafike kuti mvula ikagwa masiku atatu osakata, kapena kuphiri kukamveka kugunda, kapena mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, chimene chimasonyeza kuti kumtunda kwatsekeka, onse athawire kusukulu kapena kutchalitchi chakuti. Ndipo ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala ndi mapepala a malo zikhale m'jumbo imodzi yomanga bwino, pamalo pamene ngakhale mwana atha kuipeza mumdima.

Tifike tsopano pa nkhani ya chakudya, imene ndiyo mtima wa zonse. Chaka changa choyamba ndinakolola matumba khumi ndi anayi a makilogalamu 50, ndipo ndinadziona ngati Yosefe wa ku Igupto. Mu Meyi, ogula atafika ndi sikelo zawo pansi pa mtengo wa mango, ndinagulitsa asanu ndi limodzi kuti ndigule simenti ndi magalasi a m'mawindo. Madzulo ena malume anadza, nakhala pa mpando wandalema, nayamba ndi kufunsa za moyo wa aliyense monga mwa mwambo, kenaka anati, "Mphwanga, matumba atsala angati?"

"Asanu ndi atatu, malume."

"Nanga osamba m'manja pakhomo pano ndi angati?"

"Tilipo asanu ndi mmodzi."

Anatola kamtengo nayamba kulemba mizere pa dothi, iwiriiwiri, akutchula miyezi: Juni, Julaye, Ogasiti, Seputembala. Pamenepo mizere inatha, ndipo anandiyang'ana nati, "Chimanga sawerenga matumba, mphwanga, amawerenga miyezi. Chako chikuthera apa, mvula isanagwe nkomwe. Mondokwa timadya mu Malichi. Nanga maliro akagwa upereka chiyani? Alendo adya chiyani? Aganyu opalira uwalipira mawindo?" Sindinayankhe kanthu. Mu Januwale ndinali pamzere pamsika ndi kathumba m'manja, ndikugula pa mtengo woposa kawiri chimanga chonga chomwe ndinagulitsa, mwinanso chomwecho.

Chiwerengero cha malume nchoyenera kuchisunga: banja la anthu asanu ndi mmodzi lodya nsima ya ufa woyera kawiri pa tsiku limatha thumba pa milungu iwiri kapena kupitirira pang'ono, ndiye kuti pa chaka lifunika matumba oposa makumi awiri, osawerengera a maliro, a alendo ndi a ganyu. Pokonola ndi kuviika mphale, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga limapita ku gaga ndi madzi, nchifukwa chake mayi wanzeru akaona kuti nkhokwe yatsika amayamba kugayitsa mgaiwa msanga, osadikira kuti njala imuphunzitse. Ndipo gagayo samutaya, amamuyanika ndi kumusunga, pakuti amene lero ndi chakudya cha nkhuku, mu Febuluwale wa chaka choipa amasanduka chakudya cha ana. Wa m'tauni amati, ndalama ndili nazo, ndidzagula. Koma okalamba a ku Lunzu ndi madera ozungulira Blantyre ankasimba za njala ya 1949, pamene mvula inakata mbewu zili zanthete, amuna nanyamuka kukasuma ku Ntcheu ndi kutsidya kwa malire, ena osabwereranso kwa akazi awo. Ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu miyezi yoyamba ya 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, anthu nagona pamizere ndalama zili m'manja, ena nadya zitsa za nthochi, kufikira Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi. Ndalama sizipsa mumphika. Zaka za zokolola zambiri zimadza kuti zidyetse zaka za chilala, ndipo wosunga chakudya cha miyezi khumi ndi iwiri yokha wasunga chopelewera.

Ndiponso si nzeru kuika moyo wa banja lonse pa chimanga chokha, mbewu yodzikonda imene ikasowa mvula milungu iwiri kapena itatu pa nthawi ya ngayaye imabereka zitsononkho zopanda kanthu. Chinangwa ndi nkhokwe ya pansi pa nthaka, yosaopa ng'amba ngakhale nankafumbwe. Cha Manyokola chimadyedwa chongophika, koma chowawa chiyenera kusendedwa, kuviikidwa masiku angapo ndi kuyanikidwa chisanasanduke kondowole, ndipo ana a m'tauni auzidwe zimenezi momveka, pakuti chowawa chachiwisi chimapha. Mbatata ibzalidwe kumapeto kwa dzinja, ina isungidwe m'nkhuti yothira phulusa. Nandolo, khobwe, nzama ndi maungu zilowe m'mizere ya chimanga monga ankachitira amayi athu, amene alangizi ena a kale ankawaseka kuti munda wawo ndi wosalongosoka, koma lero ophunzira akubwerera komweko. Ndipo wokhala ku chigwa cha Shire asanyoze mapira ndi mchewere. Kadimba kudambo, ngakhale kochepa ngati bwalo la nyumba, kamapereka masamba ndi chimanga chachiwisi pamene minda ya kumtunda ili fumbi lokhalokha. Wobwera kumene asathamangire kubzala ndi chizimalupsa, mvula yonyenga ya mu Okutobala imene imangozimitsa lupsa ndi kununkhiritsa dothi. Adikire kufikira nthaka yanyowa kuya kwa khasu, ndipo ayang'ane zimene akuchita eni mudzi. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, monga mwa kabzalidwe kamene alimi amakatcha Sasakawa. Kuyambira dzinja la 2016/2017 kwadzanso mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano zimene zimabisala mu nsonga ya chimanga, ndipo zimafuna kuti mwini munda aziyendera mbewu zake mmamawa mame asanaume, osati Loweruka lokha monga bwana woyendera esiteti.

Pali luso lina limene akazi a m'tauni ambiri analitaya ndipo ayenera kuliphunziranso modzichepetsa kwa apongozi kapena azakhali, ndilo kufutsa. Mu Febuluwale ndi Malichi, pamene nkhwani, chitambe, khwanya, therere ndi bowa zachuluka mpaka kuola m'munda, amaziwiritsa pang'ono, kuziyanika pamphasa ndi kuzimanga m'zikwatu za masamba a masuku zimene amapachika kudenga la khitchini. Ndipo mu Okutobala, pamene kamulu ka tomato kakwera mtengo ngati nyama, mfutso wotendera ndi nsinjiro umakoma koposa ndiwo za ku hotela. Ndinaona mkazi wanga akuseka zikwatuzo chaka choyamba. Chaka chachiwiri zake ndizo zinachuluka m'mudzi monse.

Kukolola ndi theka chabe la nkhondo. Chimanga cha makolo, cholimba njere, chinkakhala m'nkhokwe yomata ndi makoko ake osavuta. Koma mitundu yambiri ya haibulidi ndi yofewa, ndipo chiyambire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene nankafumbwe wamkulu analowa m'dziko muno kudzera kumpoto, thumba losasamalidwa limasanduka fumbi Khirisimasi isanafike. Chimanga chiume ndithu chisanalowe m'thumba, ndipo njira yodziwira ndi yapafupi: thirani njere zodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, ndipo mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, bwezerani chimangacho padzuwa. Chouma bwino chithiridwe mankhwala monga mwa muyeso wolembedwa, kapena chiikidwe m'matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri mkati omana tizilombo mpweya. Matumba asanjidwe pa mitengo, osagunda pansi kapena khoma, chifukwa chinyezi chimabala chuku, ndipo chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimawononga chiwindi mwakachetechete. Nzachisoni kuti masiku ano ambiri amagona ndi chimanga chawo kuchipinda poopa akuba, ndipo nkhokwe, imene kale inali ulemerero wa pakhomo, yatsala m'midzi yowerengeka.

Za ziweto ndinene mwachidule. Nkhuku ndi ndalama ya m'thumba, mbuzi ndi ndalama ya kubanki. Chitopa chimasesa khola lonse pa mlungu umodzi, makamaka nyengo yotentha, pamene katemera wake ndi kadontho kamodzi m'diso miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo wogula nyama ya nkhumba yotsika mtengo modabwitsa akuitanira mliri kukhola kwake. M'dzinja mbuzi zimangidwe, pakuti palibe chodanitsa anansi msanga ngati mbuzi ya mlendo m'munda wa mwini mudzi. Nkhuni nazonso zatha m'mapiri ambiri, choncho chaka chofika chomwecho mubzale keshya ndi nsungwi m'malire, musiye nsangu m'munda kuti izithira chonde, ndipo mayi aphikire pa mbaula ya dothi ya chitetezo m'malo mwa mafuwa atatu.

Madzi a pamjigo saperekedwa ndi bilu, koma si aulere: komiti ya mjigo imasonkhetsa kangachepe pamwezi kogulira malabala ndi zitsulo zikatha, ndipo wa m'tauni akhale woyamba kupereka, mkazi wake nakhale pamzere wa ndowa monga anzake. Chimbudzi chitalikire chitsime mamita osachepera 30, kumunsi kwake. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti madzi ooneka oyera atha kukhala ndi imfa mkati. M'dzinja awiritsidwe kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. M'nyumba musasowe kabokosi kokhala ndi mapaketi a Thanzi, panado, bandeji, sopo, machesi, tochi ndi wailesi ya mabatire yomverera za nyengo. Thanzi akatha, thirani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, wodwala azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Aliyense agone m'neti, makamaka ana obadwira m'tauni amene matupi awo sanazolowere malungo a kumudzi, ndipo mwana akatentha thupi akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Wolumidwa ndi mphiri asatemedwe mphini kapena kumangidwa chingwe cholimba. Agonekedwe, mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke, anyamulidwe. Bala la galu litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, kenaka kuchipatala, chifukwa chiwewe chikaonekera sichibwerera. Mayi woyembekezera apite kukadikirira kuchipatala masiku asanakwane, osayesa mwayi ndi mitsinje ya mu Febuluwale. Ndipo pakhale kandalama kobisika kamene sikagulira feteleza ngakhale shuga, ka ulendo wa usiku wokha, kuti musagwe m'manja mwa a katapila.

Zonsezi munthu atha kuzichita bwinobwino nakhalabe wamaliseche, ngati sanachite chinthu chimodzi chimene ine ndinachedwa kuchimvetsa. Miyezi yanga yoyamba, uthenga wa maliro ukamveka, ndinkatumiza mwana ndi ndalama ya chipepeso mu envulopu, yochuluka kuposa ya wina aliyense, ine nkupitiriza kuyang'anira amisiri. Ndipo tsiku lina ndinalola aganyu kusosa m'munda mwanga pamene mudzi wonse unali kumanda, osadziwa kuti tsiku loika maliro khasu siligwira munda. Palibe anandidzudzula pamaso. Moni ankandipatsa, koma wouma. Pamjigo mkazi wanga akafika nkhani zinkatha. Malume ndiwo anadzandiuza, ndipo sanakhale pansi nkomwe: "Envulopu sikumba manda, mphwanga. Tsiku lako likadzafika, adzukulu adzakhala pansi pa mtengo, makasu ali pambali, nkumati ndalama zake zimunyamule." Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kugona pa siwa panja pa moto ndi amuna anzanga, kulandira fosholo kumanda nthawi yanga ikakwana, kupita ku dima ndi khasu langa, kupezeka pa ntchito yokonza msewu ndi youmba njerwa za sukulu, ndipo mkazi wanga analowa banki m'khonde, namatenga nkhuni ndi kambale ka ufa kupita nazo kumaliro. Mbuzi za mnansi wanga wa kumadzulo zitadya chimanga changa mizere isanu, mtima unafuna kukasuma kwa amfumu, koma ndinangozikusa ndi kukazipereka ndekha. Akulu amati kupatsa nkuika, ndipo ine pa nthawiyo ndinkayesa kuti ndi mawu otonthozera osauka.

M'dzinja lachitatu, usiku wina wa mu Febuluwale, mvula itagwa masiku awiri, mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi anatentha thupi nayamba kukomoka. Ndinali nayo nambala ya mwini galimoto wa pamsika, ndipo anayankha, koma anati mlatho wapita ndi madzi, iye ali tsidya lina. Ndinaima pakhonde ndi foni m'dzanja limodzi, ndalama m'dzanja lina, zonse ziwiri zopanda ntchito. Mkazi wanga ndiye anathamangira kumadzulo akufuula, ndipo mphika wa madzi usanawire pabwalo panga panali amuna asanu ndi atatu ndi amayi awiri, ena atafunda matumba a feteleza kumutu. Anadula nsungwi ziwiri kumalire kwanga, namangirira bulangete kukhala machila. Ndipo mwini mbuzi uja, amene anatsogola ndi tochi yanga, sanalunjike kumlatho koma kumtunda, kudzera m'minda, kufikira pamene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri ndipo pali mtengo waukulu wogonekedwa umene ine, pa zaka zitatu, ndinali ndisanauonepo. Anasinthana mapewa osaima, amayi aja ali pambali pa mkazi wanga, ndipo tinafika pachipatala tambala woyamba asanalire. Anali malungo; anamubaya jakisoni, namugoneka.

Kutacha ndinatuluka ndipo ndinawapeza onse ali pakhonde la chipatala, matope mpaka m'mawondo, akugawana chinangwa chootcha. Ndinapisa dzanja m'thumba, koma mwini mbuzi anandigwira pamkono nati, "Bwezani, achimwene. Ife tibwerere, kumunda kukudikira. Inu khalani ndi mwana. Chimanga chanu cha kudambo chija tikabandira Lachinayi. Mungotumiza mawu kwa azakhali aphike thobwa."